Kodi Wadya Katumbu Wako?

Tsiku limenelo, Lamlungu masana titabwera ku Misa, m'chipinda chochezera cha mwana wanga ku Lewisham munali anthu awa. Ndinalipo ine mwini wake, nditavala jekete ya kutchalitchi ndi tayi. Analipo mwana wanga wachisamba, woyendetsa mabasi ofiira aja. Analipo mkazi wake, mpongozi wanga, namwino, mwana wa ku Rumphi. Analipo mayi wina wa ku Chipata, wosamalira nkhalamba ku Ilford, amene anabwera kudzalukitsa tsitsi nangokodwa m'nkhani za eni. Analipo mtsikana wachizungu wa m'nyumba ya pamwamba pathu, mphunzitsi wa ana aang'ono, ndiye mwini nkhani. Ndipo pakona, pafupi ndi chitsulo chotenthetsera nyumba, panakhala bambo ake, nkhalamba yaitali yowonda, chipewa chili pabondo, ali duu ngati chitsa. Adzukulu anga tinawapirikitsira kwa anzawo. Phokoso langa linali lokwanira nyumba yonse.

Sukulu ine ndinalekera Sitandade 3, ndipo sindibisa. Cholemberachi ndimachigwira ngati mpini wa khasu. Koma ndinakhala kapitawo pa esiteti ya tiyi ku Mulanje kufikira imvi, ndipo kafunseni aliyense wa kumeneko: ndikakuwa kumunsi kwa munda, wothyola tiyi wa kumtunda ankadzidzimuka. Mayi a ana anga atamwalira, mwana wanga ananditengera ku London, zaka zija anamwino athu ankakhamukira kuno. Katundu ndinasiya kwathu, koma mawu ndinabwera nawo onse. Pandege sanawayeze pasikelo.

Mawu omwewo ndi amene anatsitsa mtsikana uja. M'mawa uliwonse ndinkapemphera mokweza monga ndinazolowera, iye n'kumamva kudzera m'denga lathu, lomwe kwa iye linali pansi. Tsiku lina anagogoda. Mwana wanga anati, "Basi Bambo, mwatiitanira akhonsolo." Koma mtsikanayo sanabwere kudzadandaula. Anakhala pansi nafotokoza nkhani yake, mpongozi wanga akumasulira, pakuti Chingerezi changa n'cha m'munda: chimadziwa kulamula, sichidziwa kucheza.

Bambo ake anabadwira ku Ireland, kumadzulo, m'mbali mwa nyanja yamchere. Anabwera ku London ali mnyamata kudzakumba ngalande ndi kusenza njerwa. Tsopano mapapo anali atatopa ndi fumbi, ndipo nkhalambayo inkafuna chinthu chimodzi chokha: kubwerera kwawo isanatseke maso. Yokha sikanatha, ndiye mwanayo anafuna kupita nayo. Sukulu ina ya boma pafupi ndi mudzi wawo inali yokonzeka kumutenga, koma panali lamulo. Wophunzitsa ana aang'ono m'sukulu za boma kumeneko ayenera kukhoza mayeso a Chiairishi, chinenero cha makolo awo, olemba ndi a pakamwa omwe. Olemba anali atakhoza kale, ataphunzira kusukulu ya madzulo. A pakamwa analephera. Anati atangolowa m'chipinda n'kuona akuluakulu atakhala kuseri kwa tebulo, lilime linauma, chonsecho funso loyamba linali la mvula chabe. Akalepheranso, malo aja apita kwa wina, bambo ake n'kufera pamwamba pa nyumba yosanja ku Lewisham akuyang'ana madenga a masitolo.

"Bwerezani pamenepo mayi," ndinauza mpongozi wanga. "Akuti boma likufunsa chiyani?"

"Chinenero cha kwawo, Bambo. Akuti ngakhale m'maofesi a boma, pofuna kukweza munthu pa udindo, wochidziwa amamuwonjezera malikisi."

Ndinaimirira. Ndikukuuzani, ndinaimirira pakati pa chipinda ngati akuimba nyimbo ya fuko. Ine ndinakula ndikudziwa kuti khomo la ntchito limatsegulidwa ndi Chingerezi basi. Pa esiteti, nthawi imene ankafuna kapitawo wamkulu, anatiitana mmodzimmodzi ku ofesi. Munda ndinkaudziwa, anthu ankandimvera, koma iwo anandipatsa pepala kuti ndilembe lipoti m'Chingerezi. Udindo unapita kwa wina. Palibe anafunsa ngati ndimatha kuyankhula ndi amayi othyola tiyi mvula ikuwakhuthukira pamsana. Ndiye lero ndimve kuti kuli dziko la azungu, azungu enieni oyera, kumene boma limati, "Chingerezi tamva, nanga cha agogo ako chili kuti?" Ha! Anthu amenewo ndinawavulira chipewa ndisanawaone.

Mpongozi wanga anandidula. "Bambo, musathamange. Ife ku Rumphi anatikakamiza Chichewa chanuchi m'kalasi, Chitumbuka n'kuchichotsa pa wailesi. Sitinavine ayi."

Mtsikana uja nayenso anavomereza kuti kwawoko ambiri amadandaula nalo lamulolo, ndipo ena amadana nacho chinenerocho chifukwa cha mmene ankawaphunzitsira ali ana. Ine ndinati, "Mwanena zoona mayi, chinenero cha mnzako akakumangira pakhosi ndi chingwe. Koma awa akufunsa chawo chomwe, chimene chinatsala pang'ono kuzimirira. Munthu wofukula chitsime cha makolo ake chitakwiririka, ine sindingamunyoze." Mpongozi wanga anangondiyang'ana cham'mbali, ndipo mlandu umenewo sitinaumalize mpaka lero.

"Nanga bambo akowo," ndinafunsa mtsikanayo, "si eni ake a chinenerochi? Ukudutsa mtsinje kukapempha madzi kuphiri bwanji?"

Anagwetsa nkhope. Bambowo anayamwa Chiairishi, Chingerezi anachigwira atakula kale. Koma atafika kuno anzawo a pantchito ankawaseka, kuwatcha munthu wa kutchire, mpaka analumbira. Ana awo sanawayankhulepo nacho. Mtsikanayo anati mawu okha amene anamvapo ndi amene anatuluka tsiku limene hamala inawaphwanya chala. Atawapempha kuti amuthandize, anayankha kuti, "Chimenecho n'chinenero cha njala. Ndinachisiya padoko."

"Ndiye kwa ine ukufuna chiyani?"

"Ndikufuna munthu woopsa," anatero. "Mukhale kuseri kwa tebulo mundifunse mafunso. Ndikatha kuyankha inu, Agogo, ndingathe kuyankha aliyense."

Mwana wanga anaseka mpaka kugwira pamimba. Ine sindinaseke. Aka kanali koyamba kuti munthu wa dziko lino aone ntchito ya mawu anga.

Kuwerenga Chiairishi sindinayese n'komwe. Mwana wanga anasuzumira m'buku la mtsikanayo nati zilembo zolembedwa n'zambiri, zotchulidwa n'zochepa. Ndinaphunzira ndi khutu, mmene tinaphunzirira Chilatini cha pa Misa tili ana. Mtsikanayo ankanena funso pamasitepe pobwera ku ntchito, ine n'kubwereza. Ndikulemba pano mmene khutu langa linamvera, eni ake andikhululukire. Moni wawo ndi "Jiya gwichi," ndiye kuti Mulungu akhale nawe. "Keni tanimu ato oti," dzina lako ndani. "Ko wili tu i do khoni," umakhala kuti. Panalinso ena a nyengo, a ntchito, a zakudya. Masana ndinkakwera basi kupita ku Greenwich, kukakhala pa benchi m'mbali mwa mtsinje, n'kumafunsa madziwo dzina lawo ndi kumene amakhala. Ana a ku yunivesite ankandisiyira benchi yonse.

Chinthu chimodzi chokha chinandikhumudwitsa. Chinenerochi chilibe "inu" wa ulemu. Mwana amati "tu," ndiye kuti iwe, kwa mnzake, kwa bambo ake, kwa nkhalamba ya imvi. Ndinamuuza mtsikanayo kuti akalowa ku mayeso akawaitane akuluakuluwo aliyense payekha ngati ali ambiri, aone mmene akamukondere. Anati akatero, iwo akayang'ana kumbuyo kwawo kuona ngati kwabwera anthu ena. Apa pokha ndinawachotsera malikisi.

Tsono Lamlungu lija linafika. Tinakokera tebulo lodyera pakati pa chipinda. Ndinakhala kuseri kwake, mwana wanga pambali panga atavala magalasi a mkazi wake kuti azioneka wophunzira. Bambo a mtsikanayo anabwera chifukwa mpongozi wanga anawaitanira tiyi ndi mandasi. Ananeneratu pakhomo kuti za masewerazo sakulowamo. Mtsikanayo tinamutulutsa panja kuti agogode ngati mlendo.

Anagogoda. Ndinamusiya agogodenso.

"Jiya gwichi!" ndinatero atalowa, makapu n'kulira patebulo.

Anayankha, koma mawu ake anali ngati a udzudzu. Ndinafunsa dzina, anatchula. Ndinafunsa kumene amakhala, anayamba bwino, akuyang'ana nsapato zake. Nditafunsa za ntchito yake, ananena mawu pang'ono n'kuima. Anayambanso, anaimanso pomwepo. Khosi linafiira, kufiirako n'kukwera mpaka m'makutu. Ndinaona ndi maso anga chimene ankanena chija: mwana wodziwa zinthu, mawu ali m'mutu mwake onse, koma khomo lotulukira litatsekeka. Bambo ake ankayang'ana pawindo ngati munthu amene ali pa basi.

Mayi wa ku Chipata, tsitsi lili theka loluka theka loimirira, ananong'ona mokweza kuti, "Imwe atate, muzamupaya mwana wa bene na mantha. Onani mwamene afiilila."

Ndinaganiza zomupatsa funso lopepuka kuti apume. Linalipo lina loti, "Eri i tu do loni," ndiye kuti kodi wadya chakudya chako cha masana. Tsono mudziwe kuti ife Amalawi l ndi r timawasakaniza, kwa ife ndi ana amapasa ovala malaya amodzi. Koma ine ndinkadziwa kuyambira kale kuti munthu akafuna kumveka ngati bwana amagubuduza lilime. Ndinali kuseri kwa tebulo, nditavala tayi. Ndinakoka mpweya, ndinagubuduza lilime ngati thirakitala, ndinakuwa kuti:

"Eri i tu do rrroni?"

Mtsikanayo anadzutsa mutu nandiyang'ana, kukamwa kuli yasa. Kenako pakona paja panamveka phokoso ngati injini ya chigayo ikukana kulira. Tinatembenuka tonse. Nkhalamba ija inali itapindika pakati, chipewa chitagwa pansi, ikuseka ndi kutsokomola nthawi imodzi, misozi ili chuchuchu.

"Ba mudala bazafa aba, letani manzi!" anakuwa mayi wa ku Chipata.

Mpongozi wanga anathamanga ndi madzi, nawasisita pamsana monga namwino. Atapeza mpweya, bambowo anandiloza ndi chala chopindika chija, natulutsa mawu. Sanali Chingerezi. Ndinazindikira nthawi yomweyo, pakuti khutu langa linali litazolowera kulira kwake; koma m'kamwa mwa iwo chinenerocho chinkamveka mwina, chonenepa, chochokera pansi pa chifuwa.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

Uthenga unayenda ulendo wautali: kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana, kwa mwana kupita kwa mpongozi wanga, kenako kwa ine. Loni ndi chakudya cha masana. Roni ndi nyama ya m'nyanja yamchere, yonenepa, yandevu, yopanda miyendo, ngati katumbu wamkulu kuposa munthu. Ine, nditavala tayi, ndinafunsa mwana wa eni kuti, "Kodi wadya katumbu wako?"

Mwana wanga anavula magalasi a mkazi wake nagona patebulo. Ine sindinagwedezeke. Ndinati, "Funso ndi funso. Ayankhe."

Koma amene anayankha ndi bambowo. Anati auzeni awo kuti kwathu nyama imeneyo sitidya. Akuluakulu ankati ndi abale. Ili ndi maso a munthu, imalira ngati mwana, ndipo pali mabanja ena amene sangaikhudze n'komwe.

Ndinamenya tebulo. "Mwamva? Ali ndi nyama zosala ngati ife! Ndinanena ine kuti anthu awa ndi anthu!"

Mtsikanayo sanandimve. Anali atatembenuza mpando wake, akuyang'ana bambo ake. Anawafunsa kanthu, funso lalifupi, m'chinenero chomwecho. Ine ndikuganiza kuti iwo sanazindikire n'komwe, anangoyankha. Anafunsanso, anayankhanso, motalika tsopano, manja akusonyeza bwato, mafunde, thanthwe. Mawu ankatuluka ngati madzi a pampopi umene wakhala nthawi wosatsegulidwa: poyamba kutsokomola ndi dzimbiri, kenako oyera okhaokha. Mwanayo akapunthwa pa liwu, iwo ankamuponyera loyenera osaima, iye n'kuligwira n'kupitiriza. Khosi lofiira lija linabwerera mwakale. Sankayang'ananso nsapato.

Ife sitinkamva kanthu. Tiyi anazizira m'makapu. Ine ndinayang'anira anthu moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa nkhope ya munthu amene waiwala kuti akumuyang'ana. Mantha a mwanayo sindine ndinawachotsa ndi kukuwa kwanga. Anachoka okha pamene anapeza chinthu chimene ankafunitsitsa kumva.

Kenako nkhalambayo inadzimva yokha. Inaima pakati pa mawu, inayang'ana ife tonse, inatola chipewa pansi n'kuchivala. Inanena m'Chingerezi, ngakhale ine ndinamva, kuti zakwana, tiyeni tikwere kunyumba.

Apo ndiye ndinaimirira.

"Akulu inu!" ndinatero. "Boma lanu laima pakhomo likufunsa chinthu chimene inu mwachikhalira ngati nkhuku yokana kuchoka pa mazira. Mwana wanu akukapempha kwa ine, munthu wa ku Mulanje, wodyetsa anthu akatumbu! Mukufuna kukagona kwanu? Njira yake ili m'kamwa mwanu momwemo. Amene anakusekaniwo ali kuti lero? Anafa, kapena ali ku Ilford akusambitsidwa ndi mayi awa!"

"Zoona, nimabasambika ine!" anavomera mayi wa ku Chipata.

Mpongozi wanga anamasulira mawu ochepa, mofatsa, akumwetulira.

"Mwafupikitsa mayi," ndinatero. "Masulirani zonse, ndi za nkhuku zomwe."

Anayang'ana mwamuna wake, mwamunayo anayang'ana kudenga. Ndiye anamasulira zonse.

Bambowo anandiyang'ana nthawi yaitali, inenso ndinawayang'ana, nkhalamba ziwiri zakutali ndi kwawo. Mtsikanayo anali atagwira m'mphepete mwa mpando. Pomaliza anayankhula.

"Akuti mumakuwa ngati kapitawo wawo woyamba, amene ankadana naye kwambiri," anatero mpongozi wanga.

"Auzeni kuti zikomo."

"Akutinso muchoke pampandopo. Akuti sangalole chinenero cha mayi awo chiphedwe chonchi iwo akuona."

Ndinachoka. M'moyo wanga wonse mpando umenewo ndi wokhawo umene ndinauchoka mokondwa. Ndinavula tayi yanga n'kuwapatsa, pakuti wofunsa mayeso sakhala khosi lili pamtunda. Anaimanga pamwamba pa juzi yawo, anakhala kuseri kwa tebulo, analoza chitseko. Mwanayo anatuluka, anagogoda. Ndipo ndikuuzeni, munthu uja anali woopsa kuposa ine. Sankakuwa. Ankangokweza nsidze imodzi, mwanayo n'kubwereza chiganizo chonse kuyambira pachiyambi. Koma lilime silinaumenso.

Kuyambira pamenepo madzulo alionse ndinkawamva kudzera m'denga, mawu aakulu ndi mawu aang'ono akusinthana, nthawi zina kukangana, nthawi zina kuseka. Mayeso atafika mtsikanayo anakwera ndege, nabwerako atakhoza. Anasamuka chilimwe chakuno chisanathe, bambo ndi mwana. Tsiku losamuka nkhalambayo inandigwira dzanja mwamphamvu, dzanja lokhakhala ngati njerwa, n'kunena mawu amene sindinafunse tanthauzo lake. Tayi sanabweze, inenso sindinafunse. Anthu a ku Ireland ndimawalemekezabe. Mtundu umene umaika chinenero cha makolo ake pakhomo la ntchito, ngakhale ana ake ena akung'ung'udza, ndi mtundu wodziwa kuti munthu sasunga chinthu chimene palibe akumufunsa.

Koma ndibwerere ku Lamlungu lija. Alendo atapita, mpongozi wanga ataperekeza mayi wa ku Chipata uja ku siteshoni, tinatsala awiri, ine ndi mwana wanga. Ndinali wokhuta ndi ntchito yanga. Ndinagwira mbali imodzi ya tebulo kuti tilibwezere kukhoma, ndikudikira kuti iye agwire inayo. Sanagwire. Anaima manja ali m'thumba, nanena motsitsa:

"Bambo, lero mwagwira ntchito, akulu aja mwawauza zoona. Koma agogo anga, bambo anu, anamwalira akuyankhula Chilomwe chokhachokha, ndipo ine imvi zayamba sindinamvepo liwu limodzi la Chilomwe m'kamwa mwanu. Tebuloli lisiyeni pomwepo. Lamlungu likubwerali wogogoda ndinu."